Sitima ndikuiona ndi maso koma pa sikirini palibe: AIS yodzimangira ikundibisira zombo usiku

Nangula77
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo, mutu waima. Chaka chatha ndinadzimangira makina ondisonyeza njira paboti: kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi 4, mkati muli mapulogalamu a OpenPlotter, mapu ndimaonera pa OpenCPN. Za AIS, njira yomwe zombo zimaulutsira pa wailesi malo ndi maina azo, ndili ndi dongle ya RTL-SDR, kachipangizo ka pa USB kolandira mafunde a wailesi, pulogalamu yomasulira ndi AIS-catcher, imaponya mauthenga ku pulogalamu ya Signal K, ndiye OpenCPN imatapa kumeneko. Eriyo ili pansonga pa mlongoti, mamita 12 kuchokera pamadzi. Eriyoyo ndi waya wake ndinazipeza momwemo pogula botili. Wayayo ndi RG-58, wotalika mwina mamita 20. Wailesi ya VHF ili ndi eriyo yakeyake kumbuyo kwa boti, sizigawana.

Masana zombo zimaoneka, koma zapafupi zokha, mamailosi 7 kapena 8 apanyanja basi. Usiku ndiye zii. Loweruka ndinali paulendo ndi mng'ono wanga. Cha m'ma 11 usiku ndinaona nyali ziwiri zoyera, ina m'mwamba ina m'munsi, ndi yofiira pansi pake. Sitima yaikulu yakatundu. Kuyang'ana pa sikirini, palibe kanthu. Ndinadikira, nyalizo zikukulirakulira, mapu ali mbee. Inadzatulukira itatsala mamailosi osakwana 2, nayonso yopanda dzina, nambala yokha. Tinaipatuka bwino chifukwa tinali titaiona kale, koma mtima sunakhale m'malo mpaka kucha. Nanga kukanakhala chifunga?

M'mawa ndinatsegula pa foni MarineTraffic, yomwe imasonyeza zombo za AIS pa intaneti, sitimayo ili pomwepo, kusonyeza kuti inkaulutsa. Vuto lili kwa ine. Ndiyambire pati?

Chiwongolero
Onani baud rate, liwiro lomwe uthenga umayendera pa waya. AIS imayenda pa 38400, osati 4800 ya NMEA wamba, chilankhulo cha zipangizo za m'boti. Ambiri amapunthwa pamenepo.

Waya_Wofiira
A Chiwongolero, mwawerenga mothamanga. Awa ali ndi dongle ya SDR, za baud sizilowapo. Ndiponso baud ikalakwika simuona chombo ngakhale chimodzi, mumangoona zilembo zopanda mutu. Awa zina akuziona.

Chiwongolero
Zoona, mzere wa dongle ndinaudumpha. Pepani.

Mayi_Mafunde
A Nangula, musanagule kalikonse kapena kukwera mlongoti, tiyeni tidziwe kaye pomwe uthenga ukuthera. Umadutsa mu eriyo, mu waya, mu dongle, mu AIS-catcher, mu Signal K, kenako n'kufika pa OpenCPN. Mukamayang'ana mapu okha ndiye kuti mwaima kumapeto kwa njira, simungadziwe pomwe mlendo wagwera.

Imitsani AIS-catcher yomwe imadziyambira yokha ija, muiyambitse nokha pa terminal, polembera malamulo a kompyuta paja, muwonjezere -v 60. Izikuuzani chiwerengero cha mauthenga omwe yagwira mphindi iliyonse. Muzionanso mizere yoyamba ndi !AIVDM, umenewo ndiwo uthenga wa zombo zina usanajambulidwe pa mapu. Lembani chiwerengerocho papepala masana, mulembenso usiku, boti lili malo omwewo. Chikatsika usiku, uthenga ukufa usanafike pa kompyuta. Chikakhala chomwecho koma mapu alibe kanthu, tifufuza mapulogalamu.

Ndiponso masana anuwo si abwino ayi. AIS imayenda pa 161.975 ndi 162.025 MHz, ndipo mafunde amenewa amafika pomwe diso likanafika, n'kupitirira pang'ono. Tengani square root ya kutalika kwa eriyo yanu m'mamita, muphatikize ndi square root ya kutalika kwa eriyo ya mnzanuyo, muchulukitse ndi 2.2, yankho ndi mamailosi apanyanja. Yanu ndi 12, ya sitima yaikulu tingoti 30. Ndiye 3.5 kuphatikiza 5.5 ndi 9, kuchulukitsa ndi 2.2 tikupeza pafupifupi 20. Sitima zoterozo zimaulutsa ndi mawati 12.5, mphamvu yokwanira mtunda wonsewo. Inu mukuti 7 kapena 8. Ine ndikuona mavuto awiri pano, lina la usana ndi usiku, lina lobwera dzuwa likalowa.

Gogo_Kampasi
Mwanawe, chomwe chinakupulumutsani ndi maso anu, musaiwale. Malamulo opewa kugundana panyanja a 1972 aja, lamulo la nambala 5 limati chombo chilichonse chizikhala ndi munthu woyang'ana ndi womvetsera nthawi zonse. Ngakhale makina anu atachira, si zonse zoyandama zili ndi AIS. Lamulo la SOLAS, pangano la mayiko la chitetezo panyanja, limakakamiza kukhala ndi AIS sitima za matani 300 kupita m'mwamba zoyenda pakati pa mayiko, zakatundu za matani 500 zoyenda m'dziko limodzi, ndi zonyamula anthu. Kaboti ka msodzi sikaoneka, chipika choyandama sichioneka. Ine zodzimangirazi sindizikhulupirira. Moyo wa anthu awiri pa kakompyuta kokwana m'thumba la malaya?

Nkhafi_Ziwiri
Agogo, zoti maso ndiye oyamba palibe akutsutsa. Koma munthu wafunsa za makina ake. Ogula m'bokosi nawo amachita zomwezi eriyo kapena waya zikadwala. Kusiyana kwake n'kwakuti zodzimangira umatha kutsegula n'kuona pomwe pavuta.

Gogo_Kampasi
Mukutsegula zimenezo sitima ili mamailosi awiri? Iyo ikuthamanga 15 knots, mamailosi apanyanja 15 pa ola, inu 5, mwayang'anizana. Mphindi 6 zokha mwakumana.

Nangula77
Agogo mukunena zoona, n'chifukwa chake sindikufuna kutulukanso usiku ndisanapeze chomwe chavuta. Makinawa ndimawatenga ngati diso lachitatu, awiri anga aja ali pantchito. Koma diso lomwe limatsinzina osandiuza ndi loopsa kuposa kusakhala nalo, chifukwa sikirini ikakhala yoyera mtima umati kunja kuli bata.

Waya_Wofiira
Ine ndikukayikira magetsi. Usiku sola yagona, nyali zayaka, filiji ikukoka, mwina ndi autopilot yomwe. Batire likatsika, kabokosi kotsitsa 12V kufika pa 5V kamayamba kupuma movutika. Pi 4 imafuna 5V ya ma amp 3, ndipo magetsi akatsika kufika cha pa 4.63V imadandaula, za pa USB zimayamba kuzimazima. Dongle imeneyo imadya ndithu, igwireni muone mmene imatenthera.

Lembani vcgencmd get_throttled pa terminal. Ikayankha 0x0 zili bwino. Ikati 0x50000 ndiye kuti magetsi anatsikapo chiyatsireni Pi. Ikati 0x50005 atsika panopa. Onaninso dmesg ngati muli mizere yoti USB yachoka n'kubwerera.

Wophunzira_Kuyenda
Pepani ndilowerere, ndine watsopano. Kwa ine zombo zimabwera ndi nambala yokha, dzina limachedwa. Ndi vuto lomweli?

Nkhafi_Ziwiri
Ayi achimwene, kumeneko ndi kubadwa kwa AIS. Uthenga wa malo ndi wa dzina ndi wosiyana. Sitima yaikulu ikamayenda imanena pomwe ili masekondi 2 mpaka 10 aliwonse kutengera liwiro, ikaponya nangula imanena mphindi 3 zilizonse. Koma dzina, kukula kwake ndi komwe ikupita imanena kamodzi pa mphindi 6. Uthenga umenewo ndi wautali, ndiye phokoso limauwononga msanga kuposa waufupi. Ukakuphonyani kamodzi mwadikira mphindi 12. Nambala ya manambala 9 mukuionayo ndi MMSI. Kuona maso a nkhono n'kudekha, dzina libwera.

Wophunzira_Kuyenda
Zikomo. Nanga iwowo amandiona ine?

Nkhafi_Ziwiri
Sakuonani. Dongle ndi khutu lokha, ilibe pakamwa. Kuti muzioneka pamafunika transponder ya Class B, chipangizo cha maboti ang'onoang'ono cholandira ndi kuulutsa komwe, ndi MMSI yanuyanu yochokera ku boma lomwe boti lanu linalembetsedwa. Chimenecho musayese kudzimangira, kuulutsa pa matchanelo amenewo ndi chipangizo chosavomerezeka kumasokoneza anzanu onse.

Chiwongolero
Tibwerere kwa a Nangula. Signal K nayo imagwiritsa ntchito port 10110, khomo lodutsira mauthenga mu kompyuta. Ngati AIS-catcher ikuponya pa 10110 yomweyo, sizikulimbirana?

Mayi_Mafunde
Ya Signal K ija ndi TCP, ya AIS-catcher ndi UDP, njira ziwiri zosiyana zotumizira mauthenga. Nambala ndi imodzi koma makomo ndi awiri. Kulimbirana kumakhalapo Signal K ndi OpenCPN zonse zikamamvetsera UDP 10110 nthawi imodzi, pamenepo ina imatha kutsala chimanjamanja. N'koyenera kuona, koma port sidziwa kuti kunja kwada.

Mu OpenCPN momwemo, a Nangula, onani zosankha za AIS. Muli poti zombo zoima zibisidwe, ndi poti chombo chichotsedwe pa mapu chikakhala chete mphindi zingapo. Mukaika mphindi zochepa, zombo za pa nangula zimangoonekera n'kusowa. Sizikufotokoza za sitima ya Loweruka, koma tichotse udzu kuti njoka ioneke.

Nangula77
Ndabwera ndi manambala. Boti lili padoko, malo amodzi. Masana cha m'ma 2 ndinawerenga kwa mphindi 10, mauthenga amasewera pakati pa 55 ndi 62 pa mphindi. Usiku cha m'ma 10, pakati pa 52 ndi 60. Sizinatsike. Zombo zomwe zili mu mizere ya !AIVDM zonse zili pa mapu, ndiye mapulogalamu akupatsirana bwino. OpenCPN ili ndi khomo limodzi lokha, la Signal K.

Za magetsi, a Waya_Wofiira munalasa: inayankha 0x50000. Kawaya ka USB kopita ku Pi kanali kowonda komanso kotalika. Ndasintha, ndaika kakafupi konenepa, tsopano ikuti 0x0 tsiku lonse.

Waya_Wofiira
Basi ndi chimenecho. Tulukani muyese.

Nangula77
Ndinatuluka dzulo madzulo, pafupi pomwepa, komwe ndimakudziwa bwino. Kusanade ndimaona zombo 9. Kutada zinatsala 2, zomwe zinali pafupi kwambiri. get_throttled ili 0x0 nthawi yonseyo. Kubwerera padoko, kumanga zingwe, kuzimitsa zonse, ndikuyang'ana sikirini zombo zabwerera. Ndinakhala pansi osamvetsa.

Sodala_Wakale
Mwina dongle ikusochera ndi kutentha. Zakale zija zimalakwitsa mpaka 50 ppm, magawo 50 pa miliyoni, pa 162 MHz imeneyo ndi 8 kHz, pomwe tchanelo chonse ndi 25 kHz. Kukazizira usiku imasunthanso.

Nangula77
Yanga ndi ya TCXO, yosasuntha kwambiri ndi kutentha, pachikopa pake analemba 1 ppm. Ndipo padoko usiku kumazizira chimodzimodzi koma ikugwira.

Mayi_Mafunde
Taimani kaye. Mwati "kuzimitsa zonse". Munazimitsa chiyani? Tchulani chimodzichimodzi chomwe chimayaka mukamayenda usiku koma sichiyaka masana, ndipo sichiyaka mukagona padoko.

Nangula77
Injini ndimaizimitsa ndikangotuluka. Filiji imayaka nthawi zonse. Chotsala ndi nyali ya mu kampasi ndi nyali ya mitundu itatu ya pansonga pa mlongoti. Imeneyo ndinachotsa babu lakale miyezi inayi yapitayo n'kuika la LED kuti batire lizikhalitsa.

Mayi_Mafunde
Ndipo eriyo ili pansonga pomwepo. Zatalikirana bwanji?

Nangula77
Chikhatho chimodzi, mwina ndi theka.

Mayi_Mafunde
Ndiye tamupeza woyamba. Mababu ambiri a LED ali ndi kadera kakang'ono mkati komwe kamadula magetsi n'kulumikiza kambirimbiri pa sekondi kuti kuwala kusasinthe batire likakwera kapena kutsika. Kakapangidwa mosasamala kamalavula phokoso la wailesi lofika mpaka ku VHF, ndipo waya wa nyaliyo wotsika mu mlongoti amasanduka eriyo youlutsa phokosolo. Khutu lanu lili chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa pa wofuula, nanga wonong'ona ali mamailosi 10 mumumva bwanji? Sitima ija munaigwira itayandikira chifukwa pamenepo mpomwe mawu ake anaposa phokoso.

Nkhaniyi si yachilendo. Mu Ogasiti 2018 a US Coast Guard anatulutsa chenjezo la nambala 13-18 lonena zomwezi, kuti nyali za LED zikugonthetsa VHF ndi AIS, ndipo anapereka njira yoyesera. Zimitsani nyali. Ikani wailesi pa tchanelo chopanda olankhula. Tsitsani squelch, kabatani kotsekera phokoso pa wailesi, mpaka phokoso limveke, kenako muikweze pang'onopang'ono mpaka pomwe langothera, osapitirira. Yatsani nyali. Phokoso likabwerera, nyaliyo ndi yomwe yalibweretsa.

Gogo_Kampasi
Apa ndiye pandikhudza, chifukwa nanenso ndinasintha mababu onse. Kutanthauza kuti ngakhale wailesi yogula m'bokosi ikhoza kugontha pa tchanelo 16, choitanirana ndi cha ngozi chija, ine osadziwa?

Mayi_Mafunde
Eya agogo, ndipo kuipa kwake simumva kalikonse. Squelch ikakhala pamwamba wailesi imangokhala phee ngati kunja kulibe woitana. Yesani nanunso.

Nangula77
Ndayesa mmene mwanenera. Squelch pamalire penipeni, kuyatsa nyali, wailesi ili chete. Kuzimitsa, kuyatsanso, chete. Ndiye si nyali?

Dzimbiri
Mwayesa ndi eriyo iti?

Nangula77
Ya wailesi, yakumbuyo ija.

Dzimbiri
Imeneyo ili kutali ndi nyali mamita oposa 10. Mwapima munthu wina pomwe wodwala ali pambali. Masulani waya wochokera ku mlongoti pa dongle, mumumange kumbuyo kwa wailesi, mubwereze. Kapena njira yachidule: siyani zonse mmene zilili, yatsani -v 60 ija, muziyatsa ndi kuzimitsa nyali masana omwe ano padoko. Nyali siifunsa nthawi.

Nangula77
Abale inu. Waya wa mlongoti pa wailesi, kungokhudza switchi ya nyali, wailesi yonse shwee ngati mvula pamalata. Kuzimitsa, zii. Ndabwereza kanayi. Kenako ndabwezera pa dongle: nyali yozima mauthenga 58 pa mphindi, nyali yoyaka 6. Ndamuitana mng'ono wanga kuti adzaone ndi maso ake, chifukwa usiku uja ankaganiza kuti ndalakwitsa poika mapulogalamu.

Waya_Wofiira
Ndavomera, ine ndinathamangira. Komabe kawaya ka USB kaja kanali kodwala ndithu, kakanadzakuvutitsani tsiku lina.

Wophunzira_Kuyenda
Bwanji osangoika amplifier kuti uthenga ukule?

Mayi_Mafunde
Ikulitsa zonse pamodzi, uthenga ndi phokoso lomwe, popeza zikulowera khomo limodzi. Chimodzimodzi kukweza gain, mlingo wokulitsira uthenga, pa dongle. Gain yochuluka imabweretsanso vuto lina, mawailesi a FM a pa 88 mpaka 108 MHz amphamvu aja amaidzaza dongle mukakhala pafupi ndi mtunda. Phokoso timalithetsera komwe likuchokera. Kusintha babu ndiye njira yeniyeni: kubwezera lakale, kapena kupeza nyali ya LED yopangidwira pansonga pa mlongoti yomwe inayesedwa kuti siisokoneza VHF, ndipo muiyese ndi squelch musanatsike. Ferrite, kamphete kochepetsa phokoso la magetsi, pa waya wa nyali, pafupi ndi babu penipeni, nthawi zina imathandiza, koma eriyo ikayandikana choncho sindingailonjeze.

Musaiwale lachiwiri lija. Nyali yozima mukadali pa mamailosi 8.

Dzimbiri
Lachiwirilo ndikuliona ngati ndalionapo kale. Boti langa linkachita chimodzimodzi, chaka chilichonse mtunda ukucheperachepera, pang'onopang'ono moti suzindikira. Tsiku lina ndinamasula pulagi ya PL-259 ya patsinde pa mlongoti. Kunja inali yowala bwinobwino. Mkati munali zobiriwira ngati ndere, ndipo nditaweramitsa wayayo panadontha madzi padzanja panga. Ndinadula chikhatho chimodzi kuti ndipeze pabwino, timawaya toluka takunja tija tili bii. Ndinadula mita yathunthu, bii. Madzi analowera pamwamba, pomwe waya amakumana ndi eriyo, ndipo ulusi wolukawo unawakoka ngati chingwe cha nyali ya parafini mpaka pansi. Waya wotero sachira.

Yesani chonchi. Chotsani eriyo yakumbuyo pa wailesi, muimange pa dongle. Ili m'munsi, ndiye ikuyenera kuona pafupi kuposa ya mlongoti. Ikaona patali, mwadziwa. Koma zimitsani wailesiyo nthawi imeneyo, isaulutse ilibe eriyo, ikhoza kupsa.

Chiwongolero
Kapena angoika cholumikizira cha T kuti wailesi ndi dongle zigawane eriyo yakumbuyoyo, za mlongoti aziiwale.

Sodala_Wakale
Ayi ayi, musayerekeze. Ine ndinachitapo zimenezo ndisanadziwe. Wailesi imatulutsa mawati 25. Ndinangodina batani kamodzi kuitana mnzanga, dongle inafa pomwepo, ndinadziwira fungo lokha. Kugawana eriyo kumafuna splitter yopangidwira AIS, yomwe imadula mbali ya AIS wailesi ikayamba kuulutsa. Ndipo eriyo ziwiri n'zabwino kale, ina ikafa ina ilipo.

Nangula77
Eriyo yakumbuyo ili mamita 3 okha kuchokera pamadzi. Ndaimanga pa dongle, mauthenga akwera kufika 95 pa mphindi, ndipo ndaona sitima ili mamailosi 14. Ya pamamita 12 ikugonja kwa ya pamamita 3. Ndinayeza waya wa mlongoti ndi multimeter, pakati ndi kunja zikusonyeza kuti zagundana. Ndiye kuti wapsa?

Mayi_Mafunde
Muyeso umenewo usakunamizeni. Eriyo zambiri za VHF zili ndi koyilo patsinde yomwe pa multimeter imaoneka ngati pakati ndi kunja zagundana, pomwe ili bwinobwino. Kuti muyeze waya yekha, mumasule mbali zonse ziwiri. Pamenepo pakati ndi kunja zisagundane. Kenako wina agunditse mbali imodzi, inu muone ngati zikudutsa. Ngakhale apo, waya wonyowa amatha kukhoza mayeso onsewa koma akudya uthenga. Mita ya SWR, yoyeza mphamvu yobwerera kuchokera ku eriyo, nayo imanamizika, chifukwa waya wodya mphamvu amadyanso yobwerera, ndiye muyeso umaoneka wokongola. Umboni weniweni mwaupeza kale posinthanitsa eriyo. Masulani pulagi muone ndi maso monga anenera a Dzimbiri.

Nangula77
Ndamasula ya patsinde. Zobiriwira, ndipo kachitsulo kapakati kanangosololoka m'manja, mtovu wake unali utalekana kale. Ndadula masentimita 30, zoluka zija zakuda. Mawa mng'ono wanga andikweza pa mlongoti. Ndigule waya wanji?

Nkhafi_Ziwiri
RG-213. RG-58 ngakhale ali watsopano amataya pafupifupi 2 dB pa mamita 10 aliwonse pa mafunde amenewa. Mamita 20 ndi 4 dB, pomwe 3 dB ndi theka la mphamvu. Mwataya zoposa theka musanayambe. RG-213 amataya zosakwana theka la zimenezo.

Gogo_Kampasi
RG-213 ndi wonenepa ngati chala, sentimita yathunthu, ndipo ndi wolemera. Mu mlongoti wa boti laling'ono mwina sadutsa m'paipi ya mawaya, ndiye azingomenya m'kati usiku wonse. Kulemera kwa m'mwamba nakonso boti limakumva. RG-8X ali pakatikati, ine ndi amene ndinaika.

Nkhafi_Ziwiri
Pa mlongoti wa mamita 12 kusiyana kwa kulemerako ndi kochepa, agogo. Koma zoti adutse m'paipi mwanena zoona, ayeze kaye.

Dzimbiri
Mtundu uliwonse mungasankhe, pezani wa timawaya tokutidwa ndi tini, sachita dzimbiri msanga. Kokani watsopano pomumangirira kwa wakale, musasolole wakaleyo kaye. Pamwamba, pulagi mukamanga muikulunge ndi tepi ya labala yodzimata yokha ija, kuyambira pa waya kukwera mpaka patsinde pa eriyo, kenako tepi wamba pamwamba pake kuti dzuwa lisaidye. Musiye waya akhote pang'ono kulendewera pansi asanalowe mu mlongoti kuti madzi azidonthera panja. Ndipo muli kumwambako yang'anani eriyoyo, ngati ndi yakale ngati wayayo mwina nayo yamwa madzi.

Chingwe chachiwiri chachitetezo musaiwale pokwera.

Gogo_Kampasi
Ndayesa wanga uja. Nyali ya pansonga ilibe mlandu, koma nyali za m'chipinda zikuchita phokoso pa wailesi. Zaka ziwiri ndakhala ndikuyenda nazo. Mayi_Mafunde, zikomo.

Nangula77
Ndatsika bwino. Ndaika RG-8X chifukwa RG-213 sanadutse, mapulagi atsopano mbali zonse, ndipo ndachotsa cholumikizira chimodzi chomwe chinali pansi pa denga la chipinda. Pulagi yapamwamba inalibe tepi ngakhale pang'ono. Babu ndabwezera lakale mpaka ndipeze LED yabwino. Masana padoko mauthenga 140 pa mphindi, sitima yakutali kwambiri mamailosi 21. Usiku wathawu ndinatuluka, nyali ili chiyakire, ndinagwira sitima ili mamailosi 19, dzina linabwera pasanathe mphindi 5. Nyali zake ndinadzaziona ndi maso patapita nthawi yaitali.

Chatsala chimodzi. Maboti ang'onoang'ono amaonekera cha pa mamailosi 6 kapena 8, ndipo ena amasowa n'kubwerera. Pali china chomwe chikadali chodwala?

Mayi_Mafunde
Palibe. Amenewo ndi a Class B, ambiri amaulutsa ndi mawati 2 okha, atsopano ena 5. Eriyo zawo zili m'munsi, ndipo boti likapendama kapena likalowa pakati pa mafunde uthenga umatayika. Amanena malo awo masekondi 30 aliwonse akamayenda, mphindi 3 zilizonse liwiro likakhala pansi pa 2 knots. Mauthenga awiri akakuphonyani motsatizana, OpenCPN ikhoza kuliyesa lotayika. Kwezani mphindi zija mu zosankha za AIS zifike 8 kapena 10 ndipo asiya kuphethira.

Manambala a lerowa alembeni pakapepala mumate pafupi ndi sikirini: 140 padoko, mamailosi 21. Mukadzaika LED yatsopano kapena tchaja china chilichonse, muyerekeze ndi amenewo tsiku lomwelo.

Wophunzira_Kuyenda
Nanenso ndayesa za squelch. Nyali zonse zili bwino, koma ndikangolowetsa tchaja cha foni pa soketi ya 12V phokoso likubwera. Pi yanga imadyera pa tchaja chomwecho. Ferrite ndiike mbali iti, ya 12V kapena ya USB?

Waya_Wofiira
Mbali zonse ziwiri, pafupi ndi tchajacho, ndipo waya azungulire mu ferrite kawiri kapena katatu ngati bowo likulola. Dongle muichotse pa Pi penipeni, muiike pa waya wa USB wotalikirapo kuti italikirane ndi tchaja. Mukatero werengani mauthenga. Kuti mudziwe chiwerengero choyenera kufikapo, yatsani Pi ndi power bank kwa mphindi 10, tchajacho mutachizula, mutiuze manambala onse awiri.